Mafunso ndi mayankho: momwe selo limamangira spindle likamagawikana

Mafunso awa ndawatolera m'zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa Biology muno mu Blantyre. Ambiri ndi a ana a Fomu 3 ndi Fomu 4. Ena amachokera kwa amene anachoka kale m'manja mwanga, pano akuphunzira udokotala kapena unamwino, koma mayeso akayandikira amandikumbukira pa WhatsApp. Angapo anandifunsa ndi makolo anzanga amene anadwazikapo mwana ku Queens. Mayina a mapuloteni alibe Chichewa chake, choncho ndawasiya momwe mungawapezere m'mabuku. Chimene ndayesetsa ndi kufotokoza ntchito ya chilichonse.

Aphunzitsi, spindle n'chiyani kwenikweni?

Ndi chimango chimene selo limamanga kwa kanthawi kochepa kuti ligawe makromozomu ake pakati pa maselo awiri atsopano. Chimatupa pakati n'kusongoka mbali zonse ziwiri, ngati bwato la asodzi a ku Mangochi mukaliyang'ana muli pamwamba. Azungu anachitcha dzina la kamtengo kopotera ulusi wa thonje, chifukwa kamaoneka chimodzimodzi.

Selo la munthu lili ndi makromozomu 46. Lisanagawikane limakopera iliyonse, ndipo makope awiriwo amakhala omangidwa pamodzi ndi timphete ta puloteni yotchedwa cohesin. Tayerekezani kuti muli ndi mabuku 46 osiyanasiyana, lililonse mwalichita fotokope n'kulimanga ndi mphira pamodzi ndi kope lake. Mukufuna kugawira ana awiri. Sikuti aliyense angokwanitsa mabuku 46 ayi, koma akhale ndi limodzi la mtundu uliwonse. Wina akatenga awiri a masamu n'kusowa la Chichewa, ntchito yalakwika ngakhale milu iwiriyo ikuoneka yofanana. Spindle ndiyo imagwira mtolo uliwonse mbali ziwiri, kuufoletsa pakati, kenako kukokera kope limodzi uku, lina uko.

Si ntchito ya apo ndi apo. Mafuta a m'mafupa anu amatulutsa maselo ofiira a magazi oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse, ndipo onsewo amachokera ku maselo amene anagawikana motere. Kugawikana kumeneku kumatchedwa mitosis, dzina limene analipereka ndi Walther Flemming wa ku Germany mu 1882, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza ulusi.

Imamangidwa ndi chiyani?

Ndi timachubu tating'onoting'ono totchedwa microtubule. Kachubu kamodzi n'kotakata ma nanometre 25, moti mungafunike masauzande awiri kapena atatu oyalidwa mbali ndi mbali kuti afanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Njerwa zake ndi puloteni yotchedwa tubulin, ndipo zimasanjana m'mizere 13 yozungulira dzenje pakati. Kachubu kali ndi mutu ndi mchira: mbali imodzi, imene mabuku amailemba ndi chizindikiro cha +, imakula msanga, pomwe inayo nthawi zambiri imakhala yozikika kumapeto kwa spindle.

Chimene ana ambiri amadabwa nacho ndi chakuti timachubuti sitikhazikika. Kamakula, kamakula, mwadzidzidzi n'kuyamba kusweka kuchokera kumutu, kenako mwina n'kuyambanso kukula. Tim Mitchison ndi Marc Kirschner anafotokoza khalidweli mu 1984. Njerwa iliyonse imabwera itanyamula GTP, kamolekyu kosunga mphamvu, ndipo bola kumutu kuli njerwa zatsopano zokhala ndi GTP, kachubu kamakhala ngati kavala chipewa choteteza. Chipewa chikatha, mizere ija imapindikira kunja n'kuyoyoka. Pa nthawi ya mitosis timachubu tambiri sitikhalitsa ngakhale mphindi imodzi.

Musaione ngati ntchito yowonongeka. Nkhani yonse ya patsambali yagona pamenepa: selo lilibe pulani ya nyumba yoti litsatire. Limaponya timachubu mbali zonse, tolakwika timasweka tokha, tolondola n'tomwe timalimbitsidwa.

Ndani amalamula kuti ntchito yomanga iyambe?

Mkulu wa zonse ndi puloteni yotchedwa CDK1, imene siigwira ntchito yokha mpaka itagwirana ndi cyclin B. Cyclin B imachuluka pang'onopang'ono selo likamakonzekera, ndipo ikafika pa mlingo wake CDK1 imayaka mwamphamvu. CDK1 ili m'gulu la ma kinase, mapuloteni amene ntchito yawo ndi kudinda chidindo cha phosphate pa mapuloteni ena. Wodindidwa amasintha khalidwe. Chifukwa cha zidindozi makromozomu amafupika n'kunenepa, khoma la nyukiliyasi limagumuka, timachubu tatitali timene selo limagwiritsa ntchito masiku onse timaphwasulidwa, ndipo m'malo mwake mumamera tatifupi tosakhazikika.

Ma kinase ena awiri, Plk1 ndi Aurora A, ndi akapitawo a pamalo omangira. Iwo amakulitsa ma centrosome, malo amene timachubu timamerapo, kuti athe kumeretsa timachubu tochuluka kuposa kale. Tim Hunt anatulukira cyclin mu 1982 pofufuza mazira a tinyama ta m'nyanja totchedwa sea urchin, ndipo mu 2001 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Paul Nurse ndi Leland Hartwell, amene anagwira ntchito yawo pa yisiti.

Timachubuti timamera kuchokera pati?

M'maselo ambiri a nyama gwero lalikulu ndi centrosome, kachinthu kokhala ndi timigolo tiwiri totchedwa centriole tozunguliridwa ndi mtambo wa mapuloteni. Mu mtambowo muli timphete ta gamma-tubulin, timene timakhala ngati maziko oyalapo mzere woyamba wa njerwa. Selo limayamba ndi centrosome imodzi n'kuikopera kamodzi kokha, nthawi yomweyo imene likukopera DNA. Woyang'anira kukoperako ndi Plk4. Ikachuluka, centriole imodzi imabereka ana angapo m'malo mwa mmodzi, ndipo zotsatira zake muziona pa funso la khansa.

Mwatiuza kuti anyezi alibe centrosome. Nanga amamanga bwanji spindle?

Funsoli ndimalikonda, chifukwa limabwera kuchokera kwa mwana amene anamvetsera m'kalasi. Zoonadi, zomera zochita maluwa monga anyezi ndi chimanga zilibe centrosome, komanso dzira la mayi silimanga spindle yake ndi centrosome. Komabe spindle imamangika.

Mu 1996 Rebecca Heald ndi anzake, akugwira ntchito ku Heidelberg, anatenga madzi a m'mazira a Xenopus laevis, chule wa m'madzi wa kuno kumwera kwa Africa, n'kuikamo timikanda tokutidwa ndi DNA. Munalibe centrosome, munalibenso kromozomu yeniyeni. Timachubu tinamera mozungulira timikandato n'kudzisanja tokha kukhala spindle ya mbali ziwiri. Apa zinaoneka poyera kuti makromozomu nawo amaitana timachubu.

Amaitana motere. Pa makromozomu pamamatira puloteni ya RCC1, imene imayatsa puloteni ina yaing'ono yotchedwa Ran poipatsa GTP. Ran ikamayenda kutali ndi makromozomu imakumana ndi ozimitsa. Ndiye zimakhala ngati mbaula m'nyumba mwezi wa Juni: pafupi pali kutentha, ukamapita kukhomo kukuzizira. Mapuloteni omanga spindle, monga TPX2, masiku onse amakhala ogwidwa manja ndi ma importin. Pafupi ndi makromozomu, pamene Ran ndi yoyaka, amamasulidwa n'kuyamba ntchito. Kutali amakhalabe omangidwa. Ndi chifukwa chake timachubu timamera pamene tikufunika, osati paliponse m'selo.

Pali njira yachitatu, imene inadziwika mu 2008 pofufuza maselo a tintchentche ta pazipatso. Gulu la mapuloteni lotchedwa augmin limamatira pambali pa kachubu komwe kalipo kale n'kubweretsa kamphete ka gamma-tubulin, ndiye pamamera nthambi yoloza komwe kholo lake likuloza. Maselo athu amagwiritsa ntchito njira zitatu zonsezi nthawi imodzi, ndipo ina ikafooka zinazo zimanyamula katundu.

N'chifukwa chiyani imakhala ya mbali ziwiri, osati imodzi kapena zitatu?

Chifukwa cha timainjini toyenda pa timachubu. Kinesin-5, imene ena amaitcha Eg5, ili ndi mapazi mbali zonse ziwiri. Imaponda timachubu tiwiri tochokera kumbali zosiyana n'kumayenda pa tonse tiwiri kulowera kumutu, ndipo potero imakankha mapeto awiri a spindle kuti atalikirane. Dynein imayenda kulowera kumchira, ndipo pothandizana ndi NuMA imasonkhanitsa michira yonse n'kuimanga pamodzi ngati mtolo wa nsungwi, n'chifukwa chake kumapeto kumasongoka. Kutalika kwa spindle kumachokera pa kulimbana kwa okankha ndi okoka. Mu 1999 anapeza mankhwala oletsa Eg5, ndipo maselo opatsidwa mankhwalawo amamanga spindle ya mbali imodzi yokha, makromozomu atazungulira ngati anthu owotha moto. Anawatcha monastrol.

Kromozomu imagwidwa bwanji?

Kope lililonse lili ndi chogwirira chake chotchedwa kinetochore, chomangidwa ndi mapuloteni amitundu pafupifupi 100 pa malo a centromere, pachiuno cha kromozomu pamene makope awiri amagwirana kwambiri. Zogwirira za makope awiri zimapatsana msana, china kuyang'ana uku, china uko, ndipo zimenezi pazokha zimathandiza kuti zigwidwe ndi mbali zosiyana. M'selo la munthu zogwirira zonse ndi 92.

Nthawi zambiri kinetochore imayamba yakhudza kachubu m'mbali, ndipo dynein kapena kinesin yotchedwa CENP-E imaiyendetsa pa kachubuko ngati pa njanji. Kenako kugwirako kumasintha, mutu wa kachubu n'kulowa m'zala za mapuloteni a Ndc80. Chodabwitsa n'chakuti zalazi zimagwirabe mutuwo pamene njerwa zikuwonjezeka kapena kuyoyoka, ndipo kuyoyokako ndiko kumakoka kromozomu. Kinetochore ya yisiti ya buledi imagwira kachubu kamodzi kokha. Ya munthu imagwira mtolo wa timachubu pafupifupi 20.

Bwanji makope onse awiri akagwidwa ndi mbali imodzi?

Zimachitika kawirikawiri kumayambiriro, ndipo selo lili ndi njira yokonzera. Kwa ine iyi ndiyo nkhani yokoma kuposa zonse pamutuwu, ndipo inadziwika kudzera mwa chiwala.

Mu 1969 Bruce Nicklas ndi Carol Koch a ku Duke University ankagwiritsa ntchito maselo opanga umuna a ziwala, chifukwa makromozomu ake ndi akuluakulu. Ndi singano yagalasi yopyapyala kwambiri ankatembenuza makromozomu omangidwa pamodzi a m'selo lamoyo kuti zogwirira zonse ziwiri zigwidwe ndi mbali imodzi. Akawasiya, pakapita mphindi zochepa kugwirako kunkamasuka, makromozomu n'kugwidwanso molondola. Koma akawakoka ndi singanoyo kulowera mbali inayo, ngati kuti spindle yeniyeni ikukoka, kugwira kolakwikako kunkalimba, osamasuka mpaka atasiya kukoka. Tanthauzo lake: selo siliona kumene kachubu kachokera. Limangomva ngati chingwe chakungika kapena chakhwefuka. Pa masewera okokana chingwe, chingwe chimakungika pokhapokha magulu awiri aima mbali zosiyana. Onse akaima mbali imodzi chimangogwera pansi.

Womva kukungikako ndi kinase ya Aurora B, imene imakhala pakatikati pa zogwirira ziwiri pamodzi ndi anzake atatu, INCENP, survivin ndi borealin. Chingwe chikakhala chokhwefuka, zala za Ndc80 zimakhala pafupi ndi Aurora B, zimadindidwa phosphate, n'kutaya kachubu. Kinetochore imayambiranso kusaka. Chingwe chikakungika, zala zimatalikira wodindayo, ma phosphatase amafufuta zidindo, ndipo kugwira kumalimba. Palibe amene amauza kromozomu kuti "pita uko". Cholakwika chimamasulidwa mobwerezabwereza mpaka cholondola chitapezeka, ndipo cholondolacho n'chokhacho chosamasulidwa.

Selo limadziwa bwanji kuti zonse zagwidwa, tsopano ligawe?

Mudakwerapo minibasi ku Limbe imene yatsala mpando umodzi. Injini ikulira, anthu akudandaula, koma kondakitala akuitanirabe, ndipo galimoto siinyamuka. Kinetochore yosagwidwa ili ngati mpando umenewo, kusiyana kwake n'kwakuti mpandowo ndiwo umafuula wokha.

Pa kinetochore yopanda kachubu pamakhala kinase ya Mps1, imene imasonkhanitsa Mad1, Mad2, Bub1 ndi anzawo. Pamenepo pamapangidwa chomangira cha mapuloteni anayi, Mad2, BubR1, Bub3 ndi Cdc20, chimene chimafalikira m'selo lonse n'kutsekereza makina otchedwa APC/C. Njira imeneyi ndiyo mabuku amaitcha spindle assembly checkpoint. Majini ake anapezeka mu yisiti mu 1991. Mu 1995 Conly Rieder anaonetsa kuti kinetochore imodzi yokha imakwanira kuimitsa selo lonse: atawotcha ndi laser kinetochore yotsala yosagwidwayo, selo linapitiriza kugawikana posakhalitsa ngakhale kromozomu ija inali isanafole. Chaka chomwecho Nicklas ndi Xiaotong Li anachita zofanana ndi za chiwala zija pa maselo a chiswamphika, ndipo kukoka kromozomu yosokonekera ndi singano kunathetsa kudikira kwa selo.

Chogwirira chomaliza chikagwidwa, kufuula kumatha. APC/C imaika chizindikiro cha ubiquitin pa mapuloteni awiri kuti akaphwanyidwe. Woyamba ndi securin, amene ankasunga lumo lotchedwa separase m'chimake; lumolo limadula timphete ta cohesin, makope onse n'kulekana nthawi imodzi. Wachiwiri ndi cyclin B, ndipo ikatha CDK1 imazima, selo n'kuyamba kubwerera ku moyo wa masiku onse. Timachubu totsala pakati pa spindle ndi timene timalozera pamene selo lidzimange m'chiuno kuti liduke pawiri. M'maselo a munthu mitosis yonse imatenga pafupifupi ola limodzi.

Ngati pali chitetezo chonsechi, zolakwika zimadutsa bwanji? Ndipo zikugwirizana bwanji ndi khansa?

Kondakitala uja amawerenga mipando yopanda munthu. Safunsa ngati wokwera wina mwendo wake wina uli m'galimoto ina. Pali kugwira kotchedwa merotelic, pamene kinetochore imodzi yagwidwa ndi timachubu tochokera mbali zonse ziwiri. Yagwidwa, ndipo yakungika, choncho siifuula. Aurora B imakonza zambiri mwa izi, koma zina zimapulumuka. Pogawikana kope lotere limatsalira pakati, ndipo likhoza kupita kolakwika, kuduka, kapena kudzitsekera m'kanyukiliyasi kakekake momwe DNA imawonongeka.

Selo lokhala ndi makromozomu opitirira kapena operewera nthawi zambiri limaimitsidwa kapena kuphedwa ndi puloteni ya p53. Maselo ambiri a khansa anataya mlonda ameneyu, ndipo zotupa zambiri zili ndi chiwerengero chosokonekera cha makromozomu. Theodor Boveri, yemwenso anapereka dzina la centrosome, analemba kale mu 1914 kuti kugawa kolakwika kotere kungayambitse khansa. Maselo a khansa kawirikawiri amakhala ndi ma centrosome atatu kapena anayi. Akanagawikana patatu ana ake sakanakhala moyo, ndiye amaunjika ma centrosome awo m'magulu awiri mothandizidwa ndi kinesin yotchedwa HSET. Koma podutsa m'chisokonezocho ma kinetochore ambiri amagwidwa mbali ziwiri, ndipo zolakwika zimachuluka m'badwo uliwonse.

Nkhaniyi si yakutali ndi ife. Khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutenga amayi ambiri m'Malawi muno, imayamba ndi kachilombo ka HPV. Puloteni yake ya E7 imachititsa kuti ma centriole akoperedwe mopitirira, ndipo ya E6 imaphwanyitsa p53. Kachilombo kamodzi kamasokoneza womanga n'kuchotsanso mlonda. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9 mu 2019. Makolo anzanga, mwana wanu akabweretsa uthenga wa katemerayu kuchokera kusukulu, chonde mulekeni alandire.

Mwana wanga anabadwa ndi Down syndrome. Kodi ndi spindle inalakwitsa, kapena ndi ine?

Mayi, si inu. Si chakudya chimene munadya, si tchimo, si ufiti wa wina aliyense. Mwanayo ali ndi makope atatu a kromozomu nambala 21 m'malo mwa awiri, zimene madokotala a ku Paris anazitulukira mu 1959. Kugawa kumene kunalakwika ndi kwa meiosis, kopanga dzira kapena umuna, koma makina ake ndi omwewa.

Nthawi zambiri kulakwikako kumachitikira m'dzira, ndipo zifukwa zake zimamveka. Mazira a mwana wamkazi amayamba meiosis iye ali m'mimba mwa mayi ake, kenako amaima n'kudikira zaka makumi. Timphete ta cohesin tinaikidwa nthawi imeneyo ndipo timatha pang'onopang'ono ngati mphira wokhalitsa padzuwa. Kuwonjezera apo dzira limamanga spindle popanda centrosome, monga tanenera pa funso la anyezi. Ofufuza a gulu la Melina Schuh anaonetsa mu 2015 kuti m'dzira la munthu ntchitoyi imatenga maola pafupifupi 16, ndipo spindle imagwedera kwambiri isanakhazikike. Kwa mayi wa zaka 25, mwayi wobereka mwana wa Down syndrome sufika mmodzi pa 1,000. Pa zaka 40 uli pafupifupi mmodzi pa 100. Ngakhale zili choncho ana ambiri otere amabadwa kwa amayi achitsikana, poti ndiwo amabereka kwambiri. Mwana wanu akufunika kuyezedwa mtima, makutu, maso ndi chithokomiro, komanso sukulu ndi chikondi ngati mwana wina aliyense.

N'chifukwa chiyani nthochi zilibe nthanga?

Nthochi zambiri zimene timadya, monga zobwera kuchokera ku Thyolo, zili ndi magulu atatu a makromozomu, 33 onse pamodzi. Spindle ili ndi mbali ziwiri zokha, ndiye pa meiosis zitatu sizigawika mofanana pawiri ndipo mbewu siipangika. Pa mitosis palibe vuto, chifukwa kromozomu iliyonse imakoperedwa n'kugawidwa payokha. Ndi chifukwa chake nthochi imakula bwinobwino koma timaibzala ndi mphukira.

Mankhwala a khansa amene amapereka kuchipatala amagwira bwanji spindle?

Awiri odziwika kwambiri amagwira mosiyana koma amafika pamodzi. Vincristine amamatira pa tubulin n'kuletsa timachubu kukula. Paclitaxel amatiumitsa kuti tisasweke, monga Susan Horwitz anaonetsera mu 1979. Mukakumbukira yankho la funso lachiwiri muona kuti zonsezi n'zoopsa kwa selo, pakuti spindle yosatha kumasula zolakwika ndi yopanda ntchito ngati yosamangidwa. Ma kinetochore amafuula osaleka, selo limaima kwa maola ambiri, ndipo limafa lili pomwepo, kapena limatuluka ndi makromozomu osokonekera n'kukafera patsogolo. Vincristine ali m'gulu la mankhwala a Burkitt lymphoma, khansa ya ana yotupitsa nsagwada kapena mimba imene Denis Burkitt anailemba ku Uganda mu 1958, ndipo wodi ya ana a khansa ku Queen Elizabeth Central Hospital yakhala ikuchiza kwa zaka zambiri. Vincristine ndi paclitaxel amagwiritsidwanso ntchito pa Kaposi sarcoma, khansa imene kawirikawiri imaonekera pakhungu.

Mavuto ake amachokera pa gwero lomwelo. Tsitsi limathothoka ndipo magazi amatha kuchepa chifukwa maselo a kumeneko amagawikana msanga. Dzanzi la kumapazi ndi kuzala, ngakhalenso kudzimbidwa, zimabwera chifukwa minyewa imatumiza katundu wake pa timachubu tomweti ngakhale siigawikana. Mukaona zimenezi auzeni a nesi kapena adokotala. Musamuleketse mwana mankhwala mwakachetechete.

Vincristine amachokera ku Catharanthus roseus, kaduwa kofiirira kapena koyera kochokera ku Madagascar kamene kamamera m'mabwalo ambiri ku Chilomoni, ku Ndirande ndi kwina konse. Ndikupempha, musawiritse masamba ake kuti mumwetse wodwala. Mankhwalawo ali ochepa zedi m'masamba, osakanikirana ndi ziphe zina zambiri, ndipo enieniwo amaperekedwa mumtsempha pa mlingo woyezedwa ndi kukula kwa thupi. Chimodzimodzi duwa lakutchire la Gloriosa superba, lofiira ngati lawi la moto: lili ndi colchicine, chiphe cha tubulin, ndipo chinangwa chake chimapha munthu.

Albendazole amene ana amamwa kusukulu nayenso akuti amagwira tubulin. Bwanji sativulaza?

Tubulin ya njoka za m'mimba imasiyana pang'ono ndi yathu, ndipo albendazole ndi mebendazole amamatira kwambiri pa ya njokazo. Maselo a m'matumbo a njoka amalephera kuyamwa shuga, njoka n'kufa ndi njala. Komanso mankhwalawa salowa ochuluka m'magazi. Griseofulvin wa chipere cha kumutu amachita zofanana kwa bowa woyambitsa chiperecho, pousokonezera spindle.

Kachilombo ka malungo nako kamamanga spindle?

Kamamanga, koma mwa njira yakeyake. Plasmodium siigumula khoma la nyukiliyasi. Spindle imamangidwa m'kati mwake, kuchokera pa kachinthu kokhala pakhomapo. M'selo lofiira la magazi nyukiliyasi zimagawikana mobwerezabwereza, iliyonse pa nthawi yake, thupi la kachilombo lisanaduke. Pakatha maola pafupifupi 48 Plasmodium falciparum imatulutsa ana 16 mpaka 32 nthawi imodzi, selo lofiira n'kuphulika, ndipo ndi pamene wodwala amanjenjemera. M'mimba mwa udzudzu liwiro lake n'loopsa: selo lachimuna limakopera DNA katatu n'kutulutsa mbewu 8 m'mphindi pafupifupi 15. Kusiyana kwa ma kinase ake ndi athu n'kumene kumakopa ofufuza mankhwala, pa chifukwa chomwe tanena pa funso la albendazole. Kwa amene muli ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndipo mukuganiza za kafukufuku, malungo tili nawo pakhomo, ndipo bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome lili pafupi ndi Queens pomwepo.

Kodi ndingathe kuona spindle ndi maso anga mu labu ya kusukulu?

Makromozomu muwaona ndithu. Ikani anyezi pakamwa pa botolo lodzaza madzi, tsinde lake lokha likhudze madziwo, ndipo dikirani masiku atatu kapena asanu mizu ituluke. Dulani nsonga yeniyeni ya muzu, mamilimita awiri kapena atatu. Iviikeni mu hydrochloric acid wosungunula wofunda kwa mphindi zisanu kuti maselo alekane, aphunzitsi anu ali pomwepo, muitsuke ndi madzi, mudonthezere utoto wa acetic orcein kapena toluidine blue, muvindikire ndi kagalasi, kenako mupsinje ndi chala chachikulu molunjika pansi osapotoza. Yambani ndi galasi laling'ono la maikulosikopu mpaka mutapeza timaselo ta makona anayi tothithikana, ndiye mukweze kufika pa galasi lokuza chinthu ka 400. Maselo ambiri muwapeza akupuma, nyukiliyasi ili yozungulira. Fufuzani modekha mupeza ena makromozomu atafola pakati, ena atalekana ngati zala za manja awiri. Anyezi ali ndi makromozomu 16.

Spindle yeniyeniyo siitenga utotowu. Chimene muone ndi malo oyera ooneka ngati bwato mbali ziwiri za makromozomu, mwina ndi timizere tosaoneka bwino mukachepetsa kuwala. Akatswiri nawo anakangana kwa zaka zambiri ngati ulusiwo ulipodi m'selo lamoyo kapena umabwera ndi mankhwala oumitsira, mpaka Shinya Inoué anauonetsa m'maselo amoyo mu 1953 ndi maikulosikopu yogwiritsa ntchito kuwala kosefedwa mwapadera. Mukajambula m'kope lanu, jambulani zimene mwaona, ndipo timizere ta spindle mutilembe ndi madontho. Ngati magetsi azima, galasi lounikira la pansi pa maikulosikopu ndi dzuwa la pawindo zimakwanira, koma muloze kumtambo wowala, osati padzuwa penipeni.